Ndagona tsiku lonse koma kutopa sikukuchoka

Nachisale: Mwaswera bwanji nonse. Pepani ndilemba zazitali, ndasowa pokazitula. Ambiri mukudziwa kuti ndine namwino pa chipatala china chaching'ono kuno ku Nkhotakota. Sabata yathayi ndagwira usiku kasanu motsatizana, chifukwa mnzanga mmodzi ali ku maliro ndipo wina anasamutsidwa mu July osabwera wolowa m'malo. Lachisanu m'mawa nditatsala pang'ono kuweruka kunabwera mayi ndi mwana wotentha thupi, ataiwala kabuku ka kuchipatala. Ndinawakalipira pamaso pa anthu. Iwo anangoti "pepani anesi", mwana ali kumsana, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Mwanayo ndinamuthandiza, koma nditalowa m'chipinda cha mankhwala ndinalira. Ine sindinali chonchi. Dzulo ndagona tsiku lonse, lero ndadzuka ndi kutopa komwe kuja. Kodi mtima wanga waipa, kapena chikundichitikira n'chiyani?

Aphiri: Pepani achemwali, simuli nokha. Ine ndili ndi ana 118 mu Sitandade 3, ndipo October uno malata akatentha m'kalasi simupumika. Lamulungu ikangokwana 4 koloko madzulo mutu umayamba kuwawa. Kusukulu sindinapite, koma thupi ladziwa kale kuti mawa ndi Lolemba.

Nabanda: Tikukupemphererani anesi. Mulungu akupatseni mphamvu.

A Mwale: Ana anga, chisoni ndikumva, koma ndiloleni ndinene zanga. Ndinagwira ntchito m'boma zaka 31. Tinkapalasa njinga kuchoka pa boma mpaka ku Mwansambo, foni kunalibe, alawansi kunalibe. Mawu oti stress sitinkawadziwa. Ntchito ndi yowawa chiyambire. Munthu umangolimba mtima.

Chikondi: Bambo Mwale, ndibwera kwa inu, koma ndiyambe ndayankha achemwali. Mtima wanu sunaipe. Zimene mwalembazi tinaziphunzira ku Zomba m'kalasi ya psychology, maphunziro a maganizo a munthu, ndipo ndimakumana nazo pa ntchito yanga yoona za ogwira ntchito kuno ku Salima. Dzina lake ndi burnout. Amene anazifufuza kwambiri ndi mayi wina wa ku America, Christina Maslach. M'zaka za m'ma 1970 ankacheza ndi anthu ogwira ntchito zothandiza anzawo, ndipo mu 1981 iye ndi Susan Jackson anatulutsa mafunso oyezera vutoli. Anapeza kuti limabwera ndi nkhope zitatu. Koyamba munthu amatheratu mphamvu, kutopa kosachoka ndi tulo. Kenako mtima umauma, wodwala uja umayamba kumuona ngati wodzakuvutitsa. Pomaliza umayamba kudziona ngati palibe chimene ukuphula. Werenganinso uthenga wanu, ziwiri zoyambazo mwazilemba nokha, ndipo funso lanu lomalizalo ndi poyambira pa chachitatu. Kuuma mtimako ndi njira imene munthu wotheratu amadzitchinjirizira. Mu 2019 WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, inalemba burnout m'buku lake la mndandanda wa matenda lotchedwa ICD-11, osati ngati nthenda, koma ngati vuto lochokera ku ntchito yopanikiza imene yakhalitsa osakonzedwa.

A Mbewe: Ndionjezere ngati mnzanu wa zachipatala. Izi si za azungu okha. Mu 2018 kunatuluka kafukufuku amene anachitika kuno ku Malawi pakati pa ogwira ntchito za umoyo 520 osamalira anthu amene ali ndi HIV. Anthu 62 pa 100 alionse anapezeka ndi burnout, ndipo otherawo ndi amene ankavomera kawirikawiri kuti odwala sanawasamale monga zimayenera. Choncho mayi amene munawakalipira aja nawonso alipira mtengo wa mnzanu wosabwezeretsedwa uja.

Nachisale: Ndawerenga kawiri. Ndimaona ngati ndine ndekha woipa pa chipatala chonse.

A Mbewe: Za thupi nazo n'zenizeni, bambo Mwale. Hans Selye anayamba kuzilemba mu 1936 ku Montreal akuyesa makoswe. Anaona kuti khoswe akazunzika nthawi yaitali, kaya ndi kuzizira kaya ndi china, m'thupi mumaonongeka mofanana, mpaka zilonda za m'mimba. Munthu akakumana ndi njovu pa msewu wodutsa m'nkhalango uja wopita ku Kasungu, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima umathamanga, shuga amakwera m'magazi kuti athawe. Njovu ikapita zonse zimatsika. Vuto la pa ntchito ndi loti njovuyo sichoka, uli nayo Lolemba mpaka Loweruka, ndipo BP imazolowera kukhala m'mwamba. Mu 2021 WHO ndi ILO, bungwe la zantchito padziko lonse, anawerengera kuti m'chaka cha 2016 chokha anthu 745,000 padziko lonse anamwalira ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposa pa sabata.

A Mwale: Ngati ndi choncho, ndiye mabwana akanayamba kufa ndi iwo. Amene amasenza zonse ndi DC, ndi mlembi wamkulu ku Capital Hill. Mesenjala ali ndi nkhawa yanji, poti amangotumidwa?

Chikondi: Bambo, funso lanuli ndi lomwe anthu ambiri ankakhulupirira mpaka ku England atafufuza. Mu 1967 anayamba kutsatira amuna pafupifupi 18,000 ogwira ntchito m'boma ku London, kafukufuku wotchedwa Whitehall potengera msewu umene kuli maofesi a boma. Michael Marmot ndi anzake atawerengera patapita zaka 10, anapeza kuti a pansi penipeni, amesenjala ndi olondera pakhomo, ankamwalira kuwirikiza pafupifupi katatu poyerekeza ndi akuluakulu a pamwamba. Ndipo sikuti panali magulu awiri okha, olemera ndi osauka. Inali makwerero. Kalaliki ankafa msanga kuposa womuyang'anira, womuyang'anirayo kuposa bwana wake, choncho mpaka pamwamba. Onsewa anali pa ntchito yokhazikika, onse ndi chipatala chaulere. Fodya, BP ndi mafuta a m'magazi zinangofotokoza gawo chabe la kusiyanako. Ndiye mu 1985 anayambitsa Whitehall yachiwiri ndi anthu 10,308, amuna ndi akazi, n'kumawafunsa za ntchito yawo yeniyeniyo. Chimene chinaonekera kwambiri ndi ichi: kodi uli ndi mawu pa ntchito yako? Umasankha choyamba kuchita, nthawi yopumira, njira yochitira? Opanda mawu ndi amene ankadwala mtima kwambiri. Bwana ali ndi zambiri, inde, koma akhoza kutseka chitseko, kusuntha msonkhano, kutuma wina. Mesenjala sangasunthe kanthu. Kungotumidwa kumene mwanenako ndiye katundu wakeyo.

Aphiri: Apa mwandilasa. Ana 118 ndikhoza kulimbana nawo. Chimene chimandidwalitsa ndi kumva 7 koloko m'mawa kuti kukubwera alendo, siya zonse, lemba mafomu. Zimene ndinakonza usiku wonse zimangofera m'chikwama.

Chikondi: Ndi zomwe Robert Karasek analemba mu 1979 atayang'ana ogwira ntchito a ku America ndi ku Sweden. Anapeza kuti ntchito yambiri payokha si ndiyo yoopsa kwambiri. Choopsa ndi ntchito yambiri yophatikiza ndi kusowa mawu. Pambuyo pake ena anaonjezerapo chachitatu, kusowa wokuthandiza, kaya mnzako kaya bwana. Achemwali a Nachisale zonse zitatu zawakumanira: odwala ambiri, ndandanda ya usiku yolembedwa ndi wina, ndiponso usikuwo ali okha.

A Mbewe: Koma tisakokomeze. Mu 2012 anaphatikiza akafukufuku a ku Ulaya a anthu pafupifupi 200,000, ndipo anapeza kuti ntchito yopanikiza yopanda mawu imakweza chiopsezo cha matenda a mtima ndi 23 pa 100. N'zoona ndithu, koma fodya amaposa pamenepo kutali. Ndikunena izi chifukwa ndimaona anzathu akuti "ndi stress" kwinaku akusuta ndi kumwa tsiku lililonse kuti aiwale. Ziwirizi zikakumana m'thupi limodzi ndiye ngozi.

A Mwale: Ndakhala chete ndikuganiza. Pa ofesi yathu tinali ndi amesenjala atatu pa nthawi imene ndinakhalapo. Awiri sanafike pa penshoni. Mmodzi anagwa pakhonde la ofesi atanyamula mafayilo, tinkati wawombedwa ndi mphepo yoipa. Anali munthu woti sanayankhepo bwana mokweza mawu. Ife a m'maofesi tilipobe. Sindinaziikepo pamodzi zinthu ziwirizi.

A Saidi: Ine ndifunse zanga. Ndilibe bwana. Ndimagula nsomba pa Chia ndi m'madoko ena n'kukagulitsa ku Lilongwe. Ndimadzuka nthawi imene ndafuna, ndimasankha ndekha zonse. Mawu ndili nawo onse. Nanga bwanji tulo sindilipeza? Mwera ukawomba masiku anayi asodzi osalowa m'madzi, ine ngongole ya banki m'khonde ikudikira Lachisanu.

Chikondi: Funso labwino achimwene, ndipo apa ndi pamene kafukufuku wa ku London amaperewera kwa ife. Iwo ankayeza anthu olandira malipiro pa tsiku lodziwika. Inu bwana wanu ndi nyanja ndi ngongole, ndipo pa ziwirizo mulibe mawu. Pali kafukufuku wina woyandikira kwathu kuno. Mu 2013 Anandi Mani, Sendhil Mullainathan, Eldar Shafir ndi Jiaying Zhao anatulutsa zimene anapeza kwa alimi a nzimbe 464 ku Tamil Nadu, m'dziko la India. Alimiwa amalandira ndalama zambiri kamodzi akakolola, ndiye asanakolole amakhala atauma, atapinyolitsa katundu. Anawapatsa mayeso a kuganiza asanakolole, n'kuwapatsanso atalandira ndalama. Anthu omwewo anakhoza bwino atalandira. Nzeru sizinachoke n'kubwerera, koma nkhawa ya ndalama inkadya malo m'mutu.

A Saidi: Izi ndiye za ku Dwangwa zenizeni. Amalume anga ndi mlimi wa nzimbe. Miyezi yodikira malipiro ukawauza nkhani amakuyang'ana koma sakukumva. Akalandira amakumbukira mpaka tsiku lobadwa la mdzukulu.

Aphiri: Ifenso pa 20 mwezi ukamapita kumapeto timaphunzitsa ndi theka la mutu. Theka lina lili kwa wakatapila. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 pa 100 mu November 2023, malipiro amatha sabata yachiwiri. Ndipo ine ndakhala pa giredi imodzi zaka 11.

Chikondi: Chimenecho nachonso chili ndi mwini wake, Johannes Siegrist wa ku Germany, 1996. Iye anati munthu amadwala ngati zimene akuthira mu ntchito zikuposa zimene zikubwerera. Zobwererazo si ndalama zokha, komanso ulemu, kukwezedwa, ndi kudziwa kuti mawa ntchito ilipo. Anaonanso kuti amene amavulala kwambiri ndi odzipereka mopitirira, osatha kukana. Akulu anati ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika.

Mayi Nagama: Ndakhala ndikuwerenga, ndiyankhule ngati ahedi. Zikumveka ngati wolakwa ndi woyang'anira nthawi zonse. Inetu aphunzitsi sindilemba ntchito ndine, malipiro sindikweza ndine. Uthenga wa alendo ndimaulandira 9 koloko usiku, ndiye m'mawa ndiuze aphunzitsi liti? Makolo akakwiya amabwera kwa ine, a ku ofesi akakwiya amaimbira ine. Ndili pakati ngati chimanga pa mphero. Teremu yatha ndinaitana munthu kudzawaphunzitsa aphunzitsi anga za kupuma mokoka mpweya ndi kusamala nthawi. Ndinalipira thiransipoti yake ndi ndalama zanga. Patatha sabata ziwiri zonse zinabwerera mwakale.

Chikondi: Mayi, cholinga chanu chinali chabwino, ndipo zimene munaonazo si zanu zokha. Mu 2024 William Fleming wa ku Oxford anayang'ana mayankho a ogwira ntchito oposa 46,000 ku Britain. Anayerekeza amene analowa nawo maphunziro otere, a kupuma, a kulimba mtima, a kusamala nthawi, ngakhale a pa foni, ndi amene sanalowe. Sanapeze kuti olowawo ali bwino kuposa anzawo. Ine maganizo anga ndi akuti maphunzirowa amalephera chifukwa amakonza munthu n'kumubwezera pa moto womwewo. Mwinanso amapweteka, chifukwa munthu amatuluka akuganiza kuti vuto ndi iyeyo, sakudziwa kupuma. Malipiro simungakweze, zoona. Koma mawu aja mukhoza kugawako. Ndandanda ya ntchito amalemba ndani pa sukulu panu? Wolondera ana pa nthawi ya phala amasankhidwa bwanji? Mphunzitsi akalakwitsa, amabwera yekha kudzakuuzani kapena mumamva kwa ana?

Mayi Nagama: Ndandanda ndimalemba ndine ndi achiwiri anga. Chiyambire zimatero. Za kulakwitsazo, kunena zoona ndimamva kwa ana.

Chikondi: Amy Edmondson wa ku Harvard anapeza chinthu chodabwitsa m'zipatala m'zaka za m'ma 1990. Magulu a anamwino oyendetsedwa bwino ndi amene ankaoneka ndi zolakwa zambiri za mankhwala m'mabuku. Atafufuza anapeza kuti iwowa ankanena akalakwitsa, pamene enawo ankabisa poopa bwana. Kubisa nakonso ndi ntchito, mayi, ndipo kumatopetsa.

Mayi Nagama: Izi ndiziganizira. Koma ndinene, mukawapatsa aphunzitsi kuti alembe okha ndandanda, aliyense adzathawa mapiriyodi a masana. Pamapeto pake wina ayenera kulamula.

Aphiri: Tiyeseni kaye mayi. Ife timadziwana amene ali ndi mwana woyamwa, amene amachokera kutali pa njinga. Tikagawana tokha, ngakhale nditapeza masana ndidzapirira chifukwa ndavomera ndekha.

Nabanda: Ine ndimagwira pa loji ina ku Senga Bay. Changa ndi foni. Ndikaweruka 8 koloko usiku, 10 koloko uthenga pa WhatsApp, mawa kukubwera alendo 30, ufike 5 koloko. Ukapanda kuyankha akuti taona kuti wawerenga. Nsima ndimadya foni ili pambali pa mbale. Mwana wanga wa zaka 6 anandifunsa ngati abwana amakhala m'fonimo. Tchuthi sindinapitepo zaka ziwiri, akuti nyengo ya alendo.

A Mbewe: Achemwali, pamenepo pali lamulo. Employment Act ya 2000 imati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, opitirira apo ndi ovataimu yolipidwa. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 ngati mumagwira masiku 6 pa sabata, 15 ngati mumagwira masiku 5. Si chifundo cha bwana. Ku ofesi ya zantchito pa boma la Salima mukhoza kukafunsa, ndipo yambani kulemba m'kope nthawi yolowa ndi yoweruka tsiku lililonse.

Nabanda: Lamulo ndalimva, koma pa geti pamabwera atsikana tsiku lililonse ndi makalata ofunsira ntchito. Ndikadandaula mawa alowa wina.

A Mbewe: Mantha amenewo ndi oona, sindingakunamizeni. N'chifukwa chake musapite nokha. Mulipo angati pa lojipo amene simunapite ku tchuthi?

Nabanda: Tonse asanu ndi awiri.

Chikondi: Za foni ija, Sabine Sonnentag wa ku Germany wakhala akufufuza zaka zambiri za mmene munthu amabwezeretsera mphamvu akaweruka. Chachikulu chimene amapeza ndi choti thupi kukhala kunyumba sikokwanira, maganizo nawonso aweruke. Munthu amene wagona tsiku lonse mutu uli ku wodi sanapume. Ku France kuyambira 2017 lamulo limakakamiza makampani a antchito 50 kapena kuposa kukambirana ndi antchito awo za ufulu wosayankha mauthenga akaweruka. Ife lamulo lotere tilibe, koma mayi Nagama mukhoza kuyamba pa gulu la WhatsApp la sukulu yanu mawa lomwe.

Nabanda: Nanga pemphero mukuliika pati? Ine chimene chimandigwira ndi kwaya ya Lachitatu.

Chikondi: Musaisiye. Maola awiri amenewo foni ili m'chikwama, muli ndi anthu okukondani, mukuchita chimene mwasankha nokha. Ndi kuweruka kwa maganizo kumene ndikunenako. Ku Zimbabwe dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu pa benchi kunja kwa chipatala ndi kuwathandiza kumasula mavuto awo limodzi limodzi. Iwo vutoli amalitcha kufungisisa, ife timati kuganiza kwambiri. Atayesa mwa ndondomeko, zotsatira za mu 2016 zinaonetsa kuti okhala pa benchi aja anapeza bwino kwambiri kuposa olandira chithandizo cha nthawi zonse. Chokhacho ndinene, kwaya ikubwezerani mphamvu, koma masiku 18 anu a tchuthi akadali kwa abwana.

A Mbewe: Ndipo wina aliyense pano, ngati zafika poti chakudya sichikulowa, tulo palibe masabata awiri kapena kuposa, kapena maganizo oti bola kufa ayamba kubwera, imeneyo si nkhani yodikira tchuthi. Pitani ku chipatala cha boma mukafunse wa zamaganizo, kapena ku chipatala cha zamaganizo cha St John of God ku Lilongwe. Amuna makamaka, timafika mochedwa.

A Mwale: Mwana wanga Nachisale, mawu anga oyamba aja ndawabweza. Kulimba mtima ndi kumene kunamugwetsa mesenjala wathu pakhonde. Pita ukalankhule ndi akulu ako, ndipo utenge mnzako.

Nachisale: Zikomo bambo. Ndipita Lachiwiri mnzanga akabwera ku maliro.

Nachisale: Mwadzuka bwanji nonse, ndabwera ndi za Lachiwiri zija. Tinapita awiri kwa otiyang'anira. Poyamba anakwiya, ankaona ngati tabwera kudzawaimba mlandu. Kenako anatulutsa makalata atatu amene analemba kupempha namwino wina, onse osayankhidwa. Iwonso akumwa mankhwala a BP, sitinkadziwa. Wolowa m'malo sanalonjeze. Chimene tagwirizana ndi choti ndandanda ya usiku tizilemba tonse pamodzi pa 25 mwezi uliwonse, munthu asapitirire usiku katatu motsatizana, ndipo iwo alowa nawo usiku umodzi pa sabata. Kutopa kukadalipo, sindinama. Mayi aja ndawatumira uthenga kudzera kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwawo kuti akabwera ku sikelo andipeze, ndikufuna ndiwapepese pamaso. Ndinadziyezanso BP, inali 148/94.

Mayi Nagama: Ife tikumana Lachisanu tikaweruka, ndawauza aphunzitsi abwere ndi mapensulo. Mapiriyodi a masana tikaona komweko.

A Mbewe: Anesi, 148/94 ya tsiku limodzi mutachoka mu msonkhano wovuta siikwanira kugamula. Yezani m'mawa masiku atatu osiyana, mutakhala pansi mphindi zisanu, musanamwe tiyi. Mulembe manambalawo munditumizire kumbali.